Galimoto yosagona ndi sokosi yobooka

Inde, miyendo ili m'mwamba m'galimoto pa chithunzi chikuzungulira pa WhatsApp chija ndi yanga. Sokosi yobookayo ndi yanganso. Amene mwayamba kunditchula kuti a Miyendo pa gulu la WhatsApp ndakumvani, koma wojambulayo sanakuuzeni kuti nthawi imeneyo ndinali pa ntchito yaukatswiri.

Gogo mukumudziwa, chigalimoto changa chachitali cha 1999, chimene chinachoka ku Japan n'kudzera pa Dar es Salaam ine ndisanamere imvi. Mwezi wathawu anayamba kudzuka ali chikomokere. Ukapotokola kiyi m'mawa, kumangomveka tche tche tche, basi. Poti ndi otomatiki, zokankha sizithandiza, ndiye ndinasanduka wopala moto: mawaya ojampira paphewa, kugogoda pageti pa aneba 6 koloko m'mawa, mpaka galu wawo anasiya kuuwa akandiona. Ankangogwedeza mchira ngati ndine wapakhomo.

Ndinagula batire latsopano. Linapirira masiku atatu. Makaniko wina anati ndi alternator, anaiyeza n'kupeza kuti ili bwinobwino, koma yoyezera anatenga. Alamu anga anati apa pali dzanja la munthu, ndipo anatchulanso dzina.

Amene ankadziwa zoona ndi mlonda. Anandiuza kawiri konse kuti, "Bwana, galimoto yanuyi sigona. Imachezera kuyang'ana khoma ndi maso ofiira." Ine ndinamusendera pafupi kuti ndimve ngati akununkha kachasu, n'kumulangiza za kuipa kwa mowa pa ntchito. Koma inunso taganizani. Ndimaimika chobwerera, matako kukhoma, n'kulowa m'nyumba. Ndani amazungulira kumbuyo kwa galimoto yake kukaitsanzika?

Panalinso tizidutswa tachikasu pa kapeti pansi pa zopondera, tophwanyika ngati switi yotafunidwa. Ana ndinawazenga mlandu wodyera maswiti pampando wa dalaivala. Anakana, ine n'kuwaletsa TV Loweruka lonse chifukwa cha bodza.

Zinaululika ku chinkhoswe cha msuweni wa mayi akunyumba ku Area 25. Ndatsika, ndakhoma, kiyi ali m'thumba, kamnyamata kolondera magalimoto n'kukuwa kuti, "Bigi, mwasiya mabuleki akuyaka!" Kupita kumbuyo, zoonadi, magetsi onse a buleki ali psuu, m'galimoto mulibe munthu. Magetsi amenewa sadikira kiyi. Mababu awiri a mawati 21 lililonse, kuphatikiza kapamwamba kaja, kuyaka usiku wonse, batire lingatsale ndi chiyani?

Munthu wanzeru akanachotsa waya wa batire n'kukadya mpunga. Ine ndinavula nsapato kuti ndisadetse mpando, tochi ya foni ndinailuma, ndipo ndinalowa chamutu pansi pa chiwongolero, msana pa kapeti, mwendo umodzi pamwamba pa mpando, winawo uli panja pa chitseko kuloza kumwamba.

Kumeneko ndinaona chimene makaniko sanaone. Pamwamba pa chopondera buleki pali kaswichi kokhala ndi kamsonga kotuluka. Ukachotsa phazi, chitsulo cha chopondera chimabwerera n'kukankha kamsongako, magetsi n'kuzima. Ukaponda, kamsonga kamatuluka, magetsi n'kuyaka. Pamene ziwirizi zimakumana pamakhala kapulasitiki kangati batani la malaya, kotseka bowo la pachitsulocho. Kanga kanali katauma ndi ukalamba n'kufumbutuka, ndiye kamsonga kankangolowa m'bowo osakhudza kanthu. Kwa Gogo, ine ndinali nditaponda buleki kwa milungu itatu osapuma. Maswiti a ana aja anali amenewo.

Ndili mkati mosilira nzeru zangazo ndinamva mawu amene ndimawadziwa ngakhale kutulo.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Apongozi. Ndipo sanali okha, anali ndi amayi asanu ndi mmodzi a chitenje chofanana, miphika ili pamutu. Tsopano mundimvetse. Ine apongozi anga sindinawaonetsepo ngakhale chigongono. Ndikawaona ndimavala jekete, ndimanjuta, ndimayang'ana pansi. Lero akupereka moni kwa chala changa chachikulu cha kuphazi, chimene chinali chitasuzumira pa sokosi ngati kamba wotulutsa mutu, chikhadabo chake chosawenga chikunyezimira padzuwa. Ndinayesa kuchibweza mkati. Chinakana. Ndinayesanso, chinangogwedera, ndipo ndikukhulupirira kuti apongozi anaona ngati ndi kuyankha, chifukwa anapitiriza: "Kaya anzathu kunyumba?"

Kuti ndiyankhe, foni ili m'kamwa. Zinangotuluka kuti "mmf mmf". Ndinati ndiwombe m'manja mwaulemu pansi pomwepo, chigongono n'kukodwa pa chopondera moto. Ndinati ndidzuke, bondo n'kukakanikiza huta. Inalira, abale, inalira ngati maliro a mfumu, ndipo bondolo linali litapanikizika pakati pa chiwongolero ndi mimba yanga. Wa zoimbira anazimitsa nyimbo. Ankhoswe anatuluka poganiza kuti akuchimuna afika. Amayi ena anayamba nthungululu. Apongozi sanasunthe, anangoima manja kumbuyo kudikira kuti moni wawo uyankhidwe, ine ndikupalasa miyendo m'mwamba ngati nkhuku yodulidwa kumene. Apa m'pamene m'bale wanu uja anajambula.

Zimene chithunzi sichikuonetsa ndi izi: nditazulidwa ndi anyamata awiri, ndinabwereranso pansi pomwepo. Ndinatola kandalama kachitsulo ka K10 komwe kanali kataiwalika pansi pa mpando, kaja koti ngakhale kondakitala wa minibasi angakubwezere mwachipongwe. Kamnyamata kanathamangira guluu pa okala. Ndinakankha chopondera ndi dzanja, kumata kandalama pabowo, kudikira kuti kagwire, kusiya pang'onopang'ono. Kamnyamata kanakuwa kumbuyo: "Azima, bigi!" Chimene chinalepheretsa batire latsopano, makaniko ndi sing'anga wa alamu, ine ndinachithetsa ndi K10. Zimenezi palibe amene waika pa gulu.

Kapulasitiki kenikeni ndidzagula, kandalama kadakagwira. Ana ndawagulira maswiti osawauza chifukwa chake. Mlonda masiku ano ndimayamba ndine kumupatsa moni.

Apongozi sananenepo chilichonse. Lachitatu anangotumiza mwana ndi kajumbo, mkati muli sokosi mapeyala atatu. Zinandikwana ndithu.