Ndinapita ku Leeds kukasuzumira kukhwapa kwa malaya achitsulo

Malaya anga aunyolo ndakhala ndikuwaluka kwa chaka ndi miyezi inayi, ndiye mwezi wathawu anandikanika. Thupi lonse linatha, mikono yonse iwiri ndinalumikiza, koma ndikavala nkukweza dzanja mmwamba malaya onse amatsatira mpaka mchombo kuonekera, ndikatsitsa dzanja mphete zimaunjikana kukhwapa kuno ngati ndapanira chitsononkho. Ndinamasula kawiri konse, palibe chinasintha. Pa YouTube anthu amangoti apa mulumikize chakuti ndi chakuti koma kamera yawo siyifika pomwe ndimafunapo. Nde madam atatopa nane ndikungodandaula anati bambo, mmalo motisokosa bwanji osapita kukaona enieniwo, si mumati ali ku Leeds konkuno?

Kwa amene simundidziwa, ine ndimasamalira okalamba ku Manchester, mashifiti ausiku, ndipo ndikapuma ndimakhala mkashedi kuseli kwa nyumba ndikupanga zovala zankhondo za azungu akalekale, zija ankavala ma knight, asilikali apamwamba omenya nkhondo ali pamahatchi, zaka 600 zapitazo. Inde ndikudziwa. Abale anga anandiseka kale mokwanira, simuwonjezera kanthu. Agogo anga aamuna anali okhoma zidebe ndi mbaula pamsika kwathu ku Ntcheu, ndinakula ndikuwagwirira malata iwo akumenya ma riveti, nde mwina matendawa ndinatengera kumeneko. Ntchito yake imayenda chonchi: umakulunga waya pakachitsulo kozungulira, nkudula mphete imodziimodzi mapeto ake opitirirana pang'ono, kuziwotcha mpaka zifiire kuti zifewe, kuphwatalitsa pomwe mapeto akumanapo ndi hamala, kuboola kabowo, kulowetsa kariveti kakang'ono ngati njere ya mpunga yoduka pakati, kenako kufinya ndi pulayala. Mphete iliyonse imakolana ndi zinzake zinayi. Malaya amodzi amadya mphete zoposa 20,000, nde theka lake ndimagula zodulidwa kale zopanda msoko zangati ma washala, ndipo si kubera ayi, akalewo nawonso kwa zaka zambiri ankaika mzere wina wa zariveti mzere wina wa zopanda msoko.

Loweruka mmawa ndinakwera sitima, ola limodzi basi ndafika ku Leeds. Alamu anga amakhala ku Bradford ndipo ali ndi galimoto, tinagwirizana kuti tikumane pasiteshoni. Iwo za zitsulozi alibe nazo ntchito, anangobwera chifukwa ndinalonjeza kuti nkhomaliro ndilipira ine. Kuchoka pasiteshoni tinayenda wapansi mmbali mwa mtsinje wa Aire mphindi ngati 15, kamphepo kakulowa mmafupa, mpaka pa Leeds Dock pomwe pali Royal Armouries. Myuziyamu ya zida zankhondo imeneyi anaitsegula mu 1996, katundu wake wambiri anachokera ku Tower of London komwe malo anawachepera, ndipo kulowa kwake nkwaulere, zomwe alamu anazifunsa kawiri kuti atsimikize.

Ukangolowa pali masitepe ozungulira omwe amawatcha Hall of Steel, makoma onse kuyambira pansi mpaka kudenga apachikapo malupanga, mikondo, zisoti, mfuti ndi zapachifuwa zoposa 2,500. Alamu anaima pakamwa yasa. Ine ndinangodutsa, zambiri mwa izo nzaposachedwa, za mma 1600 kubwera kuno, ndipo ine ndinabwerera kukhwapa.

Koma sindinganame, panjira zinandiimitsa zinthu zingapo. Choyamba ndi chisoti cha nyanga chija chomwe ndi chizindikiro cha myuziyamuyi. Mfumu yaikulu Maximilian I inapatsa mfumu Henry VIII ya ku England ngati mphatso mu 1514, anachisula ndi mmisiri wa ku Innsbruck ku Austria dzina lake Konrad Seusenhofer. Chili ndi nkhope ya munthu yokwinyika, mano panja, magalasi ammaso amkuwa, nyanga za nkhosa zopotana, tindevu tojambulidwa pachibwano, mpaka kadontho ka chimfine kamphuno anakasula ndithu. Alamu atachiona anaseka mpaka mzungu wina kucheuka, amvekere alamu, ichi nde chigoba cha gule, angochisowetsa ng'oma basi. Ndipo zoona, sichinali cha kunkhondo, chinali chovala pazisangalalo za kunyumba ya mfumu.

China ndi zovala za Henry VIII yemweyo za mu 1520 zomenyera nkhondo yamasewera wapansi. Izi nde zinandimaliza. Thupi lonse latsekedwa ndi chitsulo, palibe pomwe ungalowetse ngakhale singano, kuseli kwa bondo, mkati mwa chigongono, matako, kukhwapa komwe, ponseponse pali timapale tachitsulo topitirirana tomwe timatsetsereka tina pamwamba pa tinzake munthu akapinda. Kulemera kwake kumapitirira makilo 40. Anazikonzera msonkhano waukulu womwe Henry anakumana ndi mfumu Francis I ya ku France pafupi ndi Calais, koma kutatsala miyezi yochepa a ku France anasintha malamulo a zovala zoyenera pampikisanowo, amisiri a Henry a ku Greenwich nkuzisiya osazikongoletsa nkuthamangira kukonza zina zokhala ndi chisiketi chachitsulo. Zonse ziwiri zili pomwepo. Ndinawamvera chisoni anthu amenewo, ngati telala yemwe wamaliza diresi la ukwati kenako mkwati nkunena kuti wasintha maganizo akufuna la manja aatali.

Chovala chankhondo cha njovu nde aliyense amachijambula. Chinachokera ku India, cha mma 1600, timapale tachitsulo 5,840 tolumikizidwa ndi unyolo, makilo 118, chikhalirecho mbali zina zinasowa. Alamu anajambulitsa pamenepo zithunzi mwina khumi zotumiza pagulu la WhatsApp la kumudzi. Ndinawasiya pomwepo.

Malaya aunyolo ndinawapeza mchipinda cha zankhondo, mkati mwa magalasi. Ndinagwada pansi, mphuno pagalasi, foni ndaikulitsa mpaka mapeto, khosi lapindika kuti ndione mmunsi mwa mkono. Bambo wina wogwira ntchito pamenepo anabwera kudzafunsa ngati ndataya chinthu, nditamufotokozera anangomwetulira nkuti si ine woyamba, anthu a matenda angawa amawadziwira kugwada komweko.

Chomwe ndinaona pamenepo ndi ichi. Mphete zake sizofanana. Ine kunyumba mphete ikapotoka pang'ono ndimaitaya, ndili ndi chitini cha margarine chodzadza ndi zomwe ndinazikana, koma apa zina nzonenepa zina zowonda, kariveti kena kapendekeka, pena pakuoneka kuti panang'ambika wina nkudzaika chigamba cha mphete zamtundu wina. Ndipo malayawo si thumba lowongoka ngati langa. Ukamatsatira mzere ndi maso umapeza pena pali mphete yowonjezera yomwe yakolana ndi zitatu zokha mmalo mwa zinayi, kuchokera pamenepo mzere wakula. Amaziika kumsana chakumapewa kuti munthu akatambasula manja kutsogolo malaya asamukoke, kenako chakuchiuno amazichotsa kuti abwerere mkati, mchiuno akulitsenso. Kukhwapako mizere ya thupi ndi ya mkono imakumana mopingasana, nde pamakhala kamsoko komwe mphete zimalumikizidwa chammbali, ndipo amasiyapo danga lokwanira. Ine ndinapanikiza kwambiri, komanso kumsana sindinawonjezere ngakhale mphete imodzi. Kutanthauza kuti vuto lomwe ndimalisaka kukhwapa linayambira kumapewa, malo omwe ndinamaliza chaka chatha ndikudzitama. Anthu amenewa anali matelala, kungoti nsalu yawo inali yachitsulo, ine ndimaluka ngati ndikupanga mpanda wa nkhuku.

Ndinajambula mkabuku kanga mizere yonse yomwe ndinatha kuwerenga, maso mpaka kuwawa. Kenako ndinazungulira kuona zamapale za mma 1400, za ku Italy zosalala zozungulira bwino, za ku Germany zowonda zokhala ndi mizere yotukuka ngati malata ofolera, yomwe imalimbitsa chitsulo popanda kuchilemeretsa. Anthu ambiri amaganiza kuti knight akagwa samatha kudzuka, bodza limenelo, zovala zonse za kunkhondo zinkalemera makilo 20 mpaka 25 ndipo kulemerako kumagawika thupi lonse chifukwa chidutswa chilichonse amachimangirira ndi zingwe pa jekete yamkati. Chomwe chimavuta ndi mpweya ndi miyendo. Mu 2011 akatswiri a pa University of Leeds anaveka anthu zovala zotere nkuwayendetsa pamakina othamangirapo aja a ku jimu, anapeza kuti mphamvu zomwe thupi limawononga zimachuluka pafupifupi kawiri, kwambiri chifukwa cha zitsulo za mmiyendo zomwe umazinyamula phazi lililonse.

Nkhomaliro ndinalipira, alamu anadya ngati akubwezera. Kenako ndinawanyengerera kuti tipite ku Towton, kamudzi kakufupi ndi Tadcaster, theka la ola pagalimoto. Anati kulinso myuziyamu ina? Ndinati ayi ndi munda chabe. Anandiyang'ana nthawi yaitali koma analiza galimoto.

Ndi mundadi. Mmbali mwa msewu pali mtanda wamwala womwe amautcha Dacre's Cross, kanjira ka matope kozungulira minda, ndi zikwangwani zofotokoza. Apa pa 29 March 1461, Lamlungu la kanjedza, panamenyedwa nkhondo yomwe amati ndi yokhetsa mwazi kwambiri pa nthaka ya England, banja la York kulimbana ndi la Lancaster kukanganirana ufumu. Edward IV wa York anali mnyamata wa zaka 18, mfumu Henry VI wa Lancaster anatsala mumzinda wa York osabwera kunkhondoko. Kunkagwa sinowo ndipo mphepo inkawomba kuchokera kumbuyo kwa a York, nde Lord Fauconberg, mtsogoleri wa mbali ya York, anauza amauta ake kuti aponye mivi kamodzi nkubwerera mmbuyo. A Lancaster, sinowo ili mmaso, anabwezera mivi yawo yonse koma inkagwera panjira, a York nkumatola nkuwaponyeranso. Anamenyana tsiku lonse mpaka gulu la Duke of Norfolk litafika madzulo kudzathandiza a York, a Lancaster nkuyamba kuthawa kutsetserekera kukamtsinje ka Cock Beck komwe ambiri anamira. Olemba a nthawiyo anati anafa ndi 28,000, akatswiri a masiku ano amati chiwerengerocho anachikokomeza.

Tinaima pamwamba pa chitsetsereko chomwe amachitcha Bloody Meadow, mphepo ikutimenya mbama, ine jekete ziwiri koma ndikunjenjemera. Kamtsinjeko ukakaona lero nkakang'ono koti mwana wa kwathu angakalumphe akuthamangitsa mbuzi, koma tsikulo kanali katasefukira, ndiye ganizani mwamenya nkhondo maola ambirimbiri, makilo 25 ali pathupi, jekete yamkati yamwa madzi.

Ndinawafotokozera alamu za manda omwe anapezeka mu 1996 anthu akukumba maziko pa Towton Hall, munali mafupa a anthu pafupifupi 40 ataunjikidwa dzenje limodzi, ndipo anakawapima ku University of Bradford, kwawo komweko kwa alamu. Mabala ambiri anali mmutu, ena chigaza chimodzi mabala angapo a lupanga ndi nyundo yankhondo, koma nthiti ndi msana zinali ndi mabala ochepa kwambiri. Akatswiri amaganiza kuti zovala za pathupi zinagwira ntchito yake, koma zisoti mwina anazivula pothawa kuti apume kapena anachita kuvulidwa atagwidwa. Ku Saxton, mudzi woyandikana nawo, kuli manda a Lord Dacre, mmodzi wa akuluakulu a mbali ya Lancaster, pabwalo la tchalitchi, ndipo nthano ya anthu akumeneko imati iye anangomasula chisoti kuti amweko madzi muvi nkumupeza. Ine chisoti changa cha sallet chomwe ndinagula, ndikachivala ndi chotchinga chibwano chake mphindi khumi zokha ndimamva ngati ndalowetsa mutu mumphika, nde sindimuweruza munthuyo.

Alamu anakhala chete kanthawi, manja mthumba. Kenako anati alamu, ndiye inu mumasangalala ndi zimenezi? Funso limenelo linandivuta kuyankha. Mshedi mwanga ndimangoona waya, hamala ndi mizere yowongoka, sindiganiza kuti chinthu ndikupangachi mwini wake weniweni ankachivala akudziwa kuti madzulo mwina sabwerako. Ndinawauza kuti chomwe chimandikoka ndi mmisiriyo osati nkhondoyo, munthu yemwe ankafinya kariveti kalikonse podziwa kuti kakamasuka ndi pomwe muvi ulowere. Iwo anangoti hmm, tiyeni tizipita ndazizidwa, nsapato zawo zoyera zija zitasanduka zofiirira ndi matope, zomwe mpaka lero akundiwerengera.

Ndinafika ku Manchester cha mma 9 usiku. Lamlungu titabwera ku tchalitchi ndinayala malayawo patebulo lodyera, ndinatenga ulusi wofiira nkuika zizindikiro kumsana malo anayi mbali iliyonse, nkuyamba kudula. Mphete 640 zomwe ndinazifinya ndi manja angawa, zapita. Madam anadutsa ndi mbale ya ndiwo nkuima, amvekere bambo, ku Leeds kuja munakaphunzira kupanga kapena kuphwasula? Chitini cha margarine chija ndachikhuthula, mphete zambiri zomwe ndinazikana ndikuzibwezeramo, ndipo mbali ya kumanzere ndamaliza dzulo usiku, dzanja likukwera mpaka kugwira khutu la kumanja malaya ali phee mchiuno. Yakumanja idikire kaye, waya wandithera ndipo malipiro ndi Lachisanu.