Kunyanyala kumwetsa petulo: zimene zimapweteka kampani ndi zimene zimangotonthoza mtima

Mtengo wa petulo ukangokwera, sipatha masiku awiri uthenga usanayambe kuzungulira pa WhatsApp: Lachiwiri likudzali pasapezeke womwetsa galimoto, aone kuti nafenso tili ndi mphamvu. Uthengawu ndi wakale ndithu. Ku America unayenda pa imelo mu 1999 wotchula tsiku la 30 Epulo, n'kudzabweranso mu 2007 wotchula 15 Meyi. Ku Britain anayesa pa 1 Ogasiti 2000. Konseko mtengo sunatsike chifukwa cha tsiku limodzilo.

Chifukwa chake si chapatali. Amene sanamwetse Lachiwiri amamwetsa Lolemba madzulo kapena Lachitatu m'mawa, poti galimoto yayendabe ulendo wake wa masiku onse. Mwini malo omwetsera mafuta ali ndi mathanki apansi osunga malita masauzande ambiri, ndipo amawerengera zogulitsa pa sabata ndi pa mwezi. Malita a mweziwo akakhala omwewo, iye sanaluze kanthu, wangopumitsa mapampu. Makampani amadziwanso kuti wogula petulo sathawa msanga. Akatswiri a zachuma Hughes, Knittel ndi Sperling anapeza kuti pakati pa 2001 ndi 2006, mtengo ukakwera ndi 10 peresenti, anthu a ku America ankachepetsa kugula ndi zosakwana 1 peresenti. Munthu amadandaula, koma ku ntchito ayenera kupita basi.

Njira yachiwiri imaoneka yanzeru: tisiye kampani imodzi yokha, yaikulu kwambiri, mpaka itsitse mtengo, enawo atsatira. Cha mu 2006 mauthenga otere ankaloza ExxonMobil. Vuto lake n'lakuti petulo alibe chizindikiro. Malole a makampani osiyanasiyana nthawi zambiri amatunga pa depoti imodzi, ndiye amene makasitomala amuthawa amagulitsa mafuta akewo mopikulitsa kwa anzake amene mizere yawachulukira. Nawonso anzakewo alibe chifukwa chotsitsira mtengo pamene magalimoto akuchita kulimbirana pampu.

Komabe njira imeneyi inagwirapo ntchito, ndipo nkhani ya ku Morocco ndiyo yofunika kuiona bwinobwino. Boma kumeneko linasiya kuika mtengo wa mafuta mu Disembala 2015, n'kusiyira makampani kuti aziika okha. Mu Epulo 2018 anthu anamemana pa Facebook kuti asiye kugula kwa makampani atatu: Afriquia ya mafuta, Centrale Danone ya mkaka ndi Sidi Ali ya madzi a m'botolo. Taonani mmene anasankhira. Iliyonse inali yotsogola pa malonda ake. Iliyonse inali ndi opikisana nawo pafupi, moti woyendetsa galimoto ankangodutsa Afriquia n'kukaima pa malo otsatira, osavutika. Ndipo mwini wa Afriquia, Aziz Akhannouch, anali nduna ya zaulimi, choncho nkhani ya malonda inasanduka nkhani ya ndale tsiku lomwelo. Kunyanyalako kunatenga miyezi, osati tsiku.

Zotsatira zake zinali zosakanikirana. Centrale Danone inaluza kwambiri mpaka inatsitsa mtengo wa mkaka. Pa mafuta, chimene chinasuntha ndi boma: mu Meyi 2018 komiti ya aphungu inatulutsa lipoti lokhudza phindu limene makampani ankapeza chiwamasulireni, ndipo mu Novembala 2023 bungwe loona za mpikisano pa malonda linagwirizana ndi makampani 9 a mafuta kuti alipire madirihamu 1.84 biliyoni. Zaka zisanu zinadutsa. Akhannouch yemweyo anakhala nduna yaikulu mu 2021, ndiye tisamanamizane kuti kunyanyala kumagwetsa aliyense. Panalinso ovulala amene sanalakwe: Centrale Danone itachepetsa mkaka wogula kwa alimi ndi 30 peresenti, amene anayamba kulira anali alimi ang'onoang'ono.

Tsono musanalembe uthenga uliwonse, yambani mwaphwanya mtengo wa lita imodzi kuti muone ndalama ikupita kwa yani. Muli mtengo wa mafutawo pa msika wa dziko lonse, mtengo wonyamulira, misonkho, phindu la wopikulitsa ndi phindu la mwini pampu. Gawo loyambalo gulu la ogula silingaligwedeze. Dziko lonse limagwiritsa ntchito migolo pafupifupi 100 miliyoni patsiku, mgolo umodzi malita 159. Mtengo wa mgolo unagwa kuchoka pa madola 147 mu Julayi 2008 kufika pansi pa 40 mu Disembala chifukwa chuma cha mayiko chinagwa, mafakitale ndi magalimoto mamiliyoni n'kuima. Kutsika kotero kumafuna malita osawotchedwa, ochuluka zedi, kwa miyezi.

Gawo la msonkho ndi lina, limeneli limasuntha. Ku Britain msonkho wa petulo unaikidwa pa mapeni 52.95 pa lita mu Malichi 2022, VAT ya 20 peresenti n'kubwera pamwamba. Zimene zinagwedeza boma la Tony Blair mu Sepitembala 2000 si ogula osamwetsa aja, koma alimi ndi oyendetsa malole amene anatseka zipata za malo oyengera mafuta monga Stanlow, mapampu n'kuuma pasanathe sabata. Mu Novembala chaka chomwecho nduna ya zachuma Gordon Brown analengeza kuti msonkhowo sukwera. Ku Nigeria boma litachotsa sabuside pa 1 Januwale 2012, lita inachoka pa manaira 65 kufika cha pa 141, ndipo sitiraka ya dziko lonse inachititsa pulezidenti Goodluck Jonathan kuitsitsa kufika pa 97. Zonsezi zinali zionetsero ndi masitiraka olunjika kwa woika mtengo, ndipo ku Nigeria anthu anafapo.

Ku Malawi mfundo imeneyi ndiyo yaikulu, chifukwa mtengo wa pa pampu amalengeza ndi MERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi. Mupite ku Puma, ku TotalEnergies kapena ku Petroda, lita ndi mtengo umodzimodzi. Kuthawa kampani imodzi kuti itsitse kuli ngati kukalipira kondakitala pa mtengo umene waika mwini minibasi. Mafuta amaitanitsa ndi kampani ya boma ya NOCMA ndi kampani ya Petroleum Importers Limited, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amalipiridwa ndi madola. N'chifukwa chake kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Palinso china chimene otumiza mauthenga amaiwala: nthawi ya kusowa kwa mafuta, wonyanyala amangofupikitsira mnzake mzere. Chimene ogula angakankhe ndi ndalama zoonjezera zimene zili mkati mwa lita, monga ya misewu, ya magetsi a kumidzi ndi ya thumba lokhazikitsira mitengo. Funso lomveka ndi lakuti iliyonse ndi makwacha angati, yatoleredwa yochuluka bwanji, ndipo yafika kumene imayenera kupita kapena ayi. Funso limenelo lipite kwa MERA, kwa nduna ya zachuma ndi kwa phungu wanu, ndipo bungwe la ogula la CAMA lilipo pa ntchito ngati imeneyo.

Kumene kunyanyala kungalume kwenikweni ndi pa khalidwe la malo amodzi. Ngati malo ena amadzaza zigubu za mavenda usiku magalimoto ali pa mzere, kapena amafuna kangachepe kuti mudumphe mzere, oyendetsa kabaza, mataxi ndi maminibasi a dera limenelo atagwirizana kuwathawa mafuta akapezeka paliponse, mwiniwake amamva msanga. Magalimoto 50 omwa malita 20 patsiku ndi malita 1,000 tsiku lililonse, 30,000 pamwezi. Lembani tsiku, nthawi ndi nambala ya pampu, mutumize dandaulo ku MERA, poti ndi imene ili ndi mphamvu yoimitsa chiphaso.

Mukafuna kukonza kunyanyala kotere, chofuna chanu chikhale chimodzi, chokhala ndi nambala kapena chinthu chooneka, choti amene mukumuuzayo angathe kuchita yekha. "Mafuta atsike" si chofuna. Nenaninso poyera chimene chidzathetse kunyanyalako, apo ayi kampani ilibe chifukwa chogonjera. Ndipo konzani kaye mayendedwe, chifukwa apa ndi pamene magulu ambiri amathera. Anthu a ku Alexandra, ku Johannesburg, mu 1957 anakana kukwera mabasi a PUTCO mtengo utachoka pa mapeni 4 kufika pa 5, n'kumayenda pansi makilomita pafupifupi 15 kupita ndi ena 15 kubwera kwa miyezi itatu, mpaka wokwera anabwerera pa mapeni 4. Kampaniyo inaluza ndalama ya tsiku lililonse imene sinabwerenso Lachitatu.

Pa petulo, chofanana ndi kuyenda pansi kumeneko ndi kukwera pamodzi. Tiyerekeze anthu anayi a ku Area 25 ogwira ntchito ku City Centre, aliyense akuyenda makilomita 30 patsiku pa galimoto yomwa lita imodzi pa makilomita 10. Onse pamodzi ndi malita 60 pa sabata ya masiku asanu. Akakwera galimoto imodzi mosinthana, ngakhale tiwerengere kuzungulira kotengana pakhomo, sangapyole malita 20. Zimasokonekera pa zinthu zazing'ono: wina amachedwa, wina ali ndi ana okasiya kusukulu, wina sapereka ya mafuta. Gwirizanani malo amodzi okumanirana, mphindi zisanu zodikira, ndipo ndalama iperekedwe Lolemba, osati Lachisanu.

Osatseka chipata cha malo omwetsera mafuta kapena kuopseza amene akufuna kumwetsa, umenewo ndi mlandu, ndipo anyamata ndi atsikana a pa pampu sindiwo amaika mtengo. Ngati gulu lasankha kuguba kukapereka kalata, lamulo la apolisi limafuna kuti bwanamkubwa wa boma adziwitsidwe polemba kutatsala maola osachepera 48.