Lipoti la ulendo wa ku Mulanje: kupha, kutumbula ndi kusunga nsomba za m'damu

Gulu lathu la alimi a nsomba kuno ku Thyolo linapita ku Mulanje, m'dera la Mfumu Yaikulu Mabuka, kumene alimi anzathu anatiitana kuti tikaone m'mene amakololera. Lipotili ndalembera makamaka mamembala amene anatsala chifukwa malo m'galimoto anachepa.

Tinanyamuka kusanache, kudzera pa Luchenza ndi pa Chonde, ndipo pofika pa Chitakale phiri linali lisanavule nkhungu. Kulawirako kunali kwadala, poti nsomba amavuula m'mamawa madzi akadali ozizira. Madamu awo amamwa madzi otsika m'phiri. Ena mwa madamuwo anakwiririka ndi mchenga pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, eni ake n'kuwakumbanso ndi makasu. Amaweta makumba ndi chilunguni, milamba ili m'damu lakelake. Za madeya ndi manyowa sindichedwapo, n'zomwe timachita kwathu kuno. Kusiyana kumayamba khoka likangofika kumtunda.

Dzulo lake nsombazo sanazipatse chakudya, kuti matumbo akhale opanda kanthu. Nsomba yokhuta imafulumira kuola kuyambira m'mimba. Atakoka khoka sanakhuthulire nsomba pa udzu monga ambirife timachitira. Anazisiya m'khoka momwemo, m'mphepete mwa damu madzi akuzimiza, n'kumatapa pang'onopang'ono ndi beseni.

Mayi wina, msungichuma wa gulu lawo, ndiye anationetsa kaphedwe. Anagwira nsomba ndi kansalu konyowa kuti isapulumuke, n'kuimenya kamodzi, mwamphamvu, ndi kachibonga kakafupi pamwamba pa mutu, kumbuyo pang'ono kwa maso. Nsomba inangoti zii. Kenaka anailasa pomwepo ndi sipoko ya njinga yonola kuti ubongo uwonongeke, isadzatsitsimuke. Pomaliza anadula m'munsi mwa makha n'kuiviika m'ndowa ya madzi oyera kuti magazi atuluke. Zonsezi mphindi imodzi siinakwane. Anatiphunzitsanso kuyang'ana diso. Nsomba imene ikumva ukaipendeketsa diso limatembenuka, koma yokomoka diso limangoti tong'o, ndipo makha amasiya kupuma. Ikapanda kutero umaimenyanso nthawi yomweyo.

Mmodzi wa akuluakulu athu anafunsa kuti, "Amayi, nanga nsomba n'kumva kuwawa? Si yangofa yokha ikauma?" Funsoli ambiri tinali nalo mumtima. Alangizi a za nsomba amene anatiperekeza anayankha kuti kafukufuku amene anachitika ku Scotland mu 2003 anapeza kuti nsomba zili ndi mitsempha yomva zopweteka pamutu ndi pamilomo. Anawonjeza kuti bungwe loona za umoyo wa nyama pa dziko lonse limaika kusiya nsomba kuti ibanike pamtunda m'gulu la njira zozunza. Ine sindinafunenso umboni wina woposa zimene maso anga amaona tsiku lililonse lokolola. Cholengedwa chimene wachidyetsa miyezi 6, kuchisiya chikuphiriphitha padzuwa mpaka mpweya utatha, si chinthu choti tizichizolowera. Nkhuku timaipha mwachangu, ndipo mwana akamaseweretsa nkhuku yoti iphedwe timamukalipira. Nsomba yalakwanji?

Pali ndi mbali ya ndalama. Nsomba yolimbana ndi imfa nthawi yaitali imatha mphamvu yonse ya m'minofu, choncho imauma gwaa msanga, n'kufewanso msanga. Imadzivulaza, mamba amachoka, magazi amaundana m'nyama, ndipo tizilombo toyambitsa kuola timalowera m'mabalamo. Anatiikira pambali makumba awiri, wina wophedwa bwino, wina amene anafera m'khoka. Masana titawadina ndi chala, woyambayo nyama inabwerera m'malo, winayo chala chinasiya dzenje.

Pa mlamba m'pamene tinakhalitsa. Mlamba uli ndi chiwalo m'mutu chimene chimauthandiza kupuma mpweya wa pamtunda, n'chifukwa chake umatha maola ambiri uli moyo m'thumba. Anthu amati ndi nsomba yolimba, koma kulimba komweko ndiko kumautalikitsira mazunzo. Ena amauthira mchere kapena phulusa udakali moyo kuti zoterera zichoke, ndipo umadzipinda ndi ululu. Anzathuwo anasiya zimenezi. Chigaza cha mlamba n'cholimba komanso chophwatalala, ndiye kachibonga ka makumba sikakwanira. Amaukulunga m'saka lonyowa, wina kuugwira mosamala minga ya m'mbali ija, wina kuumenya ndi hamala pakati pa mutu, kenaka kudula msana kumbuyo kwa chigaza ndi chikwanje chakuthwa. Phulusa limabwera utafa kale.

Tili pomwepo, bambo wina amene amachita geni ya nsomba pa Limbuli ndipo amafika mpaka ku Quelimane podzera pa Muloza, anatisimbira za kanyama ka m'nyanja ya mchere kotchedwa lula, ka thupi lofewa ndi miyendo yambirimbiri kumutu. Odziwa kukasamala amakalasa pakati pa maso, ndipo thupi lonse limayera mbuu nthawi yomweyo, kusonyeza kuti kafa. Potumbula amasolola mutu ndi zam'kati, n'kusamala kathumba ka inki yakuda kuti kasaphulike. Sakalola kukhala m'madzi osungunuka a ayisi, amakaika m'pepala la pulasitiki kaye. Ambirife lula sitinamuonepo, koma tinamva kuti nzeru yake ndi yomweyi.

Kutumbula amachitira pa tebulo lokutidwa ndi lata, pamthunzi, osati pansi. Amapala mamba, kung'amba mimba kuchokera kumalo otulukira chimbudzi kupita kumutu mpeni utayang'ana kumwamba, kuti usaboole matumbo kapena ndulu. Ndulu ikaphulika nyama imawawa, kutsuka sikuthandiza. Makha amachotsa onse, ndipo magazi akuda a m'mphepete mwa msana amawakwecha ndi supuni. Madzi otsukira ndi a pa mjigo, a m'damu ayi. Apampando awo anatikumbutsa za kolera ya 2022 ndi 2023, ndipo palibe anatsutsa. Matumbo amawakwirira pa dzenje la kompositi kuti ntchentche ndi agalu zisasonkhane.

Posunga amayala ayisi wophwanya pansi pa kula bokosi (bokosi losungiramo zinthu kuti zikhale zozizira), nsomba pamwamba mimba zitayang'ana pansi, ayisi wina, choncho mpaka kudzaza. Nyengo yotentha kilogalamu ya nsomba imafuna kilogalamu ya ayisi. Kabowo ka pansi amakatsegula kuti madzi azituluka. Nsomba yosamalidwa chonchi imapitirira sabata ili bwino, pamene yongoikidwa m'dengu mwezi wa Okutobala imayamba fungo dzuwa lisanalowe. Zotsala amazithira mchere n'kuziwamba tsiku lomwelo, osadikira kuti ziyambe zakanika kumsika.

Sikuti tinagwirizana pa zonse. Amayi athu ogulitsa pa msika wa Bvumbwe anati ogula ambiri amakhulupirira nsomba imene ikugundagunda m'beseni, ndipo yotumbula kale amaikayikira kuti ndi yagonera. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo siyochepa kwa munthu amene akudalira beseni limenelo kuti ana adye. Anzathuwo anati iwo anayamba ndi makasitomala odziwana nawo, aphunzitsi, anamwino ndi malo odyera, amene amaitanitsa pa foni tsiku lokolola lisanafike. Kumsika amasiya nsomba zina zosachotsa makha, kuti wogula aone yekha kufiira kwake ndi kuwala kwa maso. Funso linanso linali la makumba ang'onoang'ono, amene amakhala ambiri zedi. Anzathuwo amakolola pang'ono nthawi imodzi, anthu anayi kapena asanu n'kukhala pamzere ndi tizibonga, kumenya kokha osalasa.

Pobwerera tinakambirana m'galimoto ndipo tinamanga mfundo zoti zikaperekedwe ku msonkhano wa gulu. Pa kukolola kukubweraku nsomba zisakhuthulidwenso pa udzu, ndipo mchere ndi phulusa zisakhudze mlamba wamoyo. Achinyamata adzipereka kusema tizibonga ndi kunola masipoko. Nkhani yatsala ndi ya ayisi, poti kumadamu kwathu kulibe magetsi. Apampando apempha mamembala awiri okhala pafupi ndi Luchenza kuti akalankhule ndi eni mafiriji, ndipo msungichuma abweretse mtengo wa kula bokosi ku msonkhanowo kuti tione ngati thumba la gulu lingakwanitse.