Ampulifaya ya mavalavu ikavuta mutangoisintha zipangizo

Kwa anzanga amene mumadzipangira nokha ampulifaya ya mavalavu (timachubu tagalasi tokweza mawu), ndikufuna kunenapo za vuto limene limabwera mukangosintha ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) kapena thiransifoma yotulutsira mawu, makinawo n'kuyamba kupsereza fyuzi kapena kukuwa. Musathamangire kugula mavalavu atsopano, chifukwa nthawi zambiri vuto silikhala pamenepo. Musanagwire chilichonse, chotsani magetsi otsalira m'ma capacitor kudzera mu resistor (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi), popeza mu ampulifaya ya mavalavu a mtundu wa EL34 amatha kupitirira mavoti 400 ngakhale mutazimitsa.

Poyesa, yatsani kudzera mu babu lakale la filamenti limene mwalilumikiza pakati pa waya wamoto wochokera kukhoma, kuti lizichepetsa magetsi. Likawala kwambiri osazilala, ndiye kuti penapake pagundana, ndipo kawirikawiri kamakhala kadontho ka solder (mtovu wolumikizira mawaya) kamene kagwera pakati pa timiyendo ta soketi ya valavu, kapena capacitor imene yaikidwa motembenuza. Ngati ikukuwa mutangosintha thiransifoma, sinthanitsani mawaya ake awiri opita ku ma anode (mbali za mavalavu zolumikizidwa ku thiransifomayo), pakuti feedback (gawo la mawu otuluka limene limabwezedwa mu ampulifaya) yatembenuka. Musayatsenso popanda sipika, chifukwa thiransifomayo, yomwe ndi yodula kwambiri, ikhoza kupsa.