Makasitomala athu onse tsopano ali pa PHP 8.3: mbiri ya kampani yathu

Mwezi uno tasamutsira pulogalamu yomaliza ku PHP 8.3 (PHP ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu), ndipo pa kusamutsako palibe kasitomala amene ntchito yake inaima. Ndife kagulu kochepa kolemba ndi kukonza mapulogalamu a maakaunti ndi osungira katundu, ndipo tikunyadira kufika apa.

Nthawi yowawa inali pamene otigulitsa library ya malipiro (code yolembedwa kale imene timaiika m'mapulogalamu athu) anasintha class yawo yaikulu (class ndi chigawo cha code chokhala ndi data ndi ntchito zake) osachenjeza. Mapulogalamu ambiri amene tinawalandira kwa makasitomala anali ndi ma class otengera kwa imeneyo mwachindunji (class yotengera imatchedwa mwana, imene ikutengeredwa imatchedwa kholo). Method imodzi (ntchito ya m'class) itangoonjezeredwa parameter (chinthu chimene method imalandira), ana onse anagwa, chifukwa kuyambira PHP 8.0 ya mu 2020, method ya mwana yosagwirizana ndi ya kholo imaimitsiratu pulogalamu. Eni ake a library aja ndalama ankalandira pa nthawi yake, koma mauthenga athu sankayankha.

Lero class ya m'namespace ya eni ake (namespace ndi dzina la gulu limene ma class amakhalamo) sitiilembera extends, mawu otengera kwa kholo, paliponse. Timalemba interface (mndandanda wa ma method ofunika) m'namespace yathu, kenako class imodzi yokha imene imasunga object ya library m'kati mwake n'kumaiitana. Iwo akasintha zinthu, timakonza fayilo imodzi. Fayilo ya composer.lock, yolemba version ya library iliyonse, imalowa mu Git, momwe timasunga code yathu, kuti version isakwere yokha.

M'kati mwa ma namespace athu, kholo lililonse limatchulidwa pamwamba pa fayilo ndi use, ndipo maina awiri akafanana, limodzi timalisintha ndi as. Samalani ndi Exception, class ya PHP yoimira vuto: mukalemba catch (yogwira vuto) ya Exception m'namespace popanda use kapena chizindikiro cha \ kutsogolo, PHP imafuna class imeneyo m'namespace momwemo. Ma function akasowa m'namespace, PHP imakawafuna ku global, kunja kwa ma namespace onse, koma ma class ayi. Choopsa n'chakuti catch yotere sidandaula, vuto limangodutsa osagwidwa.

Ambiri amaganizanso kuti namespace imabisa zinthu. Mu PHP siibisa: chilichonse cha protected chimafikiridwa ndi mwana aliyense, kaya ali m'namespace iti. N'chifukwa chake timayamba ndi private, yofikiridwa ndi class yokhayo, ndipo class imene sinakonzedwe kukhala kholo timaitseka ndi final. Mzere wa makolo sutalika kupitirira magawo awiri, ndipo kholo silitchula namespace ya ana ake. Method yolowa m'malo mwa ya kholo timaiika attribute (chizindikiro) ya Override, yobwera ndi PHP 8.3 mu 2023; kholo likachotsa method ija, PHP imakana nthawi yomweyo. Mafoda amatsata PSR-4, lamulo loti mafoda agwirizane ndi ma namespace, mpaka zilembo zazikulu ndi zazing'ono, poti zoyenda pa Windows zimatha kukana pa seva ya Linux.

Tikuthokoza makasitomala amene anadekha pa nthawi yovuta ija, ena mpaka kutilola kuyesera pa data yawo. Zikomo anzathu oyesa mapulogalamu amene munagwira ntchito mpaka usiku, amene munatibwereka seva, olemba Composer (yoikira ma library) ndi PHPStan (yofufuzira zolakwika mu code) amene zida zawo timagwiritsa ntchito ulere, ndi mabanja athu amene anapirira nafe.

Ngati pulogalamu yanu imasweka mukangokweza library, kapena ikadali pa PHP 7, tilembereni. Tidzakujambulirani mzere wa ma class anu onse, tikuonetseni amene akutengera kwa eni ake, n'kugwirizana poyambira.