Chifukwa chake nati ina imakana bawuti yooneka yofanana

Mukayang'anitsitsa mazinga a bawuti cham'mbali, muona timano tooneka ngati V. Pa bawuti za metric, zomwe zimayezedwa m'mamilimita, mbali ziwiri za dzino limodzi zimapanga ngodya ya madigiri 60. Mtunda wochokera pansonga ya dzino kufika pansonga ya linzake ndiwo pitch, ndipo nati ikazungulira kamodzi imasuntha mtunda womwewo.

Bawuti wamba ya M10 ndi yonenepa mamilimita 10, pitch yake 1.5. Koma ilipo M10 ina ya mazinga ang'onoang'ono, ya 1.25. Apa mpamene ambiri amawonongera zitsulo. Nati ya pitch yosiyana ndi ya bawuti imayamba kulowa bwinobwino, kenako n'kulimba. Munthu n'kutenga sipanala kuikakamiza, timano n'kuphwanyika, tizidutswa tonyezimira n'kumagwa. Nati yoyenera iyenera kulowa ndi zala zokha. Ikakana, imani, yezani ndi pitch gauge, kachipangizo koyezera pitch.

Bawuti za Whitworth, zomwe Joseph Whitworth anakhazikitsa ku England mu 1841, ngodya yake ndi madigiri 55. Ya theka la inchi ili ndi timano 12 pa inchi, pomwe ya UNC, mtundu wa mazinga wa ku America, ili ndi 13. Kusiyana kwa dzino limodzi lokhali n'kokwanira kuti zisagwirizane.

Podula mazinga m'bowo, chotsani pitch pa kunenepa kwa bawuti: M10 ya 1.5 imafuna bowo la mamilimita 8.5. Likachepa, tap, chitsulo chodulira mazingacho, imathyokera m'kati, ndipo kuichotsa ndi chintchito. Likakula, timano timakhala tatifupi, sitigwira. Thirani mafuta, ndipo muzibweza tap pang'ono pafupipafupi kuti zinyenyeswa ziduke.