Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: M'mawa umene injini inakana kulira ku Harrismith

Ndikuthokoza nonse amene munandifunsa za mmene ndinatayira ntchito yanga yoyamba ya udalaivala ku Joni. Ndakhala ndikuizemba nkhaniyi chifukwa mlamu wanga uja, amene mukumudziwa kuchokera m'gawo 9, anafalitsa kumudzi kuti anandichotsa chifukwa cha mowa, ndipo mayi anga anamwalira akukhulupirira zimenezo. Lero ndifotokoza zimene zinachitikadi.

Ine ndinakulira ku Dedza, ndipo ndinkadzitama kuti palibe chisanu chimene chingandiopse. Mu July wa chaka changa choyamba pa msewu wa N3, ndinatenga kontena ku doko la Durban kupita nayo ku City Deep, malo otsitsira makontena ku Joni, ndipo nditakwera phiri la Van Reenen usiku, tulo tinandigonjetsa, ndinaima ku Harrismith. Ndinazimitsa injini monga lamulo la pakampani linkanenera, popeza dizilo ankatiwerengera. Pamene ndinkadzuka mbandakucha, galasi lakutsogolo linali litayera mbee mkati ndi kunja komwe, ndipo madzi amene ndinasiya m'chigubu panja anali atauma gwaa ngati mwala.

Ndinapotokola kiyi mwachangu ngati mmene ndinkachitira ku Durban kotentha. Sitata inazungulira mwaulesi, kumbuyo kunatuluka utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa, koma injini sinalire. Ndinabwereza, ndinabwerezanso, phazi lili pamoto, mpaka magetsi a pa dashibodi anayamba kuzilala ndipo pamapeto pake sitata inangoti kete, basi. Mabatire onse awiri ndinali nditawamaliza ndi dzanja langa. Ndinakhala m'kabini muja zala zitauma, ndikuyang'ana mathiraki a anzanga akutuluka imodziimodzi, ndipo ndinalira misozi, munthu wamkulu wa ana awiri, chifukwa ndinkadziwa kuti bwanayo anali atandichenjeza kale kuti akunja amene akufuna mpando wangawo ndi ambiri.

Apa ndiulule chinthu chimene chimandichititsabe manyazi. Ndinatulutsa kambaula kanga kophikira nsima, ndinakoleza makala, n'kuyamba kukakankhira pansi pa injini kuti oyilo asungunuke, monga ndinaonera ena akuchitira thalakitala kwathu. Amene anandigwira mkono anali mdala uja wa ku Zimbabwe amene makolo ake anachokera ku Ntcheu, yemwe ndinakuuzani kuti ankandiitana kuti "mphwanga". Anati, "Mphwanga, pansi apo pali dizilo wodontha ndi mapaipi a mphira. Ukufuna kutumiza phulusa kwa ana ako?" Ndinangoti, "Pepani bambo, nzeru zandithera."

Iwo anabweretsa thiraki yawo pafupi, n'kulumikiza mawaya ku mabatire anga, ndipo pamene tinkadikira anandiphunzitsa zimene pasukulu yoyendetsa galimoto sanandiuzepo. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto ngati ya petulo. Mpweya umapanikizidwa mpaka kutentha, ndipo dizilo akalowa amayaka yekha. Kukazizira kwambiri, chitsulo chimameza kutentha kuja, oyilo amalimba ngati phala moti sitata imavutika kutembenuza injini, pamene batire nalo limakhala litachepa mphamvu. Nchifukwa chake pali mahita othandiza kutenthetsa mpweya wa mu injini isanalire. Anandionetsa kanyali ka mahitawo, kooneka ngati kawaya kopotana, kamene ndinali nditayenda nako miyezi itatu osakalabadira, ndipo anati ndizitsegula kiyi n'kudikira kuti kazime ndisanalize. Ikakana, ndipumitse sitata m'malo moikakamiza.

Titachita zimenezo, injini inatsokomola, kenako inalira. Phazi langa linathamangira pamoto, koma mdalayo anandimenya pabondo. Anati oyilo wozizira amatenga kanthawi kuti afike ku turbo, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, ndipo woponda moto nthawi imeneyo amadya zitsulo zake zomwe. Tinadikira kuti nyali ya oyilo izime ndi kuti mpweya wa mabuleki udzaze, kenako anandigwaditsa pansi kuti ndikoke kavalavu ka pa thanki ya mpweya, ndipo panatuluka madzi amene akanatha kuundana m'mapaipi n'kumanga mabuleki.

Kwa inu achimwene amene munalemba pa gawo lapitalo kuti dalaivala wanzeru amasiya injini ikulira ola lathunthu, ndikukuyankhani mwaulemu kuti si choncho. Injini ya dizilo yongolira pamalo amodzi imachedwa kutentha ndipo imangomwa mafuta. Mphindi zochepa zimakwana, kenako munthu anyamuke pang'onopang'ono ndi magiya ang'onoang'ono mpaka singano ya kutentha itakwera.

Ndinafika ku City Deep nditachedwa ndi maola asanu. Bwanayo sanafune kumva za chisanu. Anandidula malipiro a sabata, ndipo mwezi usanathe anandilanda makiyi, ati ndinawononga sitata. Pakamwa panga panalibe dontho la mowa, alamu, ndipo mdala uja akadali moyo kuti achitire umboni.

Zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira ndinaziyendera pa msewu womwewo, pakampani ina, ndipo thiraki sinandikanenso m'mawa. Kambaula kaja ndinakapereka kwa mlonda wa ku Harrismith tsiku lomwelo, makala ali momwemo.